Kumimba kwa Dakota

Rotherham,
12 Novembala 2006

Okondedwa bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Mukudzuka bwanji kumeneko kwa Mayaka? Bondo lija likukulolani kufika kutchalitchi? Nanga maso, amene mlongo wanga Esnath anandiuza pafoni kuti ayamba kuchita chifunga m'mbalimu? Ine kuno ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira, ndipo dzuwa likumalowa anthu tisanaweruke.

Ntchito ndi yomwe ija yosamalira okalamba. Mukandifunsa ngati mphunzitsi wa sayansi amakondwa kusambitsa azungu okalamba, ndidzakuyankhani tikadzaonana. Ndatumiza kangachepe kwa Esnath. Agule feteleza woonjezera pa wa makuponi uja, ndipo denga la khitchini likonzedwe mvula isanalimbe. Munda wa kudambo asalime yekha, apeze aganyu.

Koma chimene ndakhalira pansi kulemba ndi ichi. Mwezi watha tinatenga okalamba athu pa basi kukawaonetsa bwalo lina lakale, kupitirira Doncaster, kumene amasungirako ndege za pa nkhondo. Ine ndinanyamula kamera, poti chizolowezi chojambula maukwati ku Zomba chija sichinandichoke. Ndikukankha chikuku cha gogo wina, ndinangoona chindege chobiriwira, chonenepa, mphuno m'mwamba, mchira pansi, ngati galu wokhala pakhomo. Pachikwangwani analembapo kuti Dakota.

Bambo, ndinaima pomwepo. Dzina limeneli ndinakula nalo. Munkatiuza mmene inu asilikali a Keyala munkakhalira m'nkhalango za ku Burma mvula ili pakati, misewu itasanduka phala, ndege n'kumabwera kudzakuponyerani mpunga ndi nyama ya m'zitini. Ndikukumbukanso amuna a pa bawo paja, mitambo ikachita bii, ankakuitanani: "A Chisale, lero kugwa mpunga kapena nyemba? Titenge madengu?" Inu munkangotola chipewa n'kubwerera kunyumba.

Pa bwalopo pali mkulu wina, a Terence, amene anapuma ntchito ku fakitale ya zitsulo. Loweruka lililonse amabwera kudzapukuta ndegezi popanda malipiro. Ataona kuti ndaima nthawi yaitali anati, "Iwe, ukufuna kuigula? Ndikuchotserako mtengo, injini imodzi ndi yakufa." Ndinawafotokozera za inu. Anasiya kuseka, napukuta manja pa ovolosi, n'kundipatsa moni wa dzanja. Anati, "Ine nkhondoyo inandipeza ndili mwana. Bwera tsiku lililonse ungafune, geti ndikutsegulira ndekha. Ujambule mpaka utope, bambo ako aione."

Ndiye dikirani pang'ono. Ndikutumizirani chithunzi chachikulu, choti mukachiike pakati pa bawo, mbewu zonse zibalalike.

Ndine mwana wanu,
Dunstan


Rotherham,
4 Febuluwale 2007

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu. Ndamva kuti chimanga chayamba ngaiyaye ndipo mvula ikugwa bwino. Tithokoze Mulungu. Ine chifuwa chinandigwira pa Khrisimasi koma chatha.

Chithunzi chija ndi ichi, ndachiika pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike. Chachedwa, ndipo ndikufotokozereni chifukwa chake.

Makamera a masiku ano alibe filimu. Chithunzi chimatuluka mu kamera chili ngati njerwa yosaotcha: maonekedwe alipo koma sichinapse. Umachilowetsa mu kompyuta, n'kuyamba kuchikonza pang'onopang'ono. Choyamba ndinachotsa timadontho takuda tomwe timabwera ndi fumbi la m'kati mwa kamera. Kumitambo timaoneka ngati zitosi za ntchentche. Kenako ndinachotsa chingwe chimene anatchingira ndege, bini ya zinyalala, ndi mzungu wina wa jekete yachikasu amene anakana kusuntha. Njira yake ndi yotere: umatapa udzu wa pambali n'kuphimba nawo pamene pali munthuyo, monga amachitira wosoka chigamba ndi nsalu ya chovala chomwecho. Ukasoka bwino, palibe angaloze pamene panang'ambika.

Kuno nyengo ino kumwamba kumakhala ngati phulusa, choncho ndinakuwalitsa. Pansi pa injini panali mizere ya mafuta akuda, ndinaipukutanso. Kenneth, mnyamata wa ku Zambia amene timagawana nyumba, anaima kumbuyo kwanga n'kunena m'Chinyanja chawo chija, "Ba Dunstan, iyi ndeke mwaisambika maningi. Izakwatiwa?" Ndinamuuza kuti ikupita kwa apongozi ake ku Zomba, iyenera kutchena.

Mukachilandira, muchionere panja m'mawa, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Musachiyandikize kwambiri kumaso.

Munafunsa za sukulu imene ndinabwerera kuno. Ndaimitsa kaye. Si kuti yandikanika, koma pali zina zofunika kuyamba zalongosoka. Mapepala anga ndinatumiza ku ofesi yoona za alendo, ndipo pasipoti ili komweko. Akuti ndidikire. Kudikira ndimakutha, munandiphunzitsa ndinu.

Esnath akutengereni ku chipatala ku Zomba akaone masowo. Musakane. Ya basi ndaika pamodzi ndi ya sopo.

Mwana wanu,
Dunstan


Rotherham,
25 Malichi 2007

Okondedwa bambo,

Moni wa m'mawa, kapena wa madzulo, malinga ndi nthawi imene kalatayi yakupezani. Ine ndili bwino. Mayunitsi anatha tisanamalize kukambirana Lamlungu lija, ndiye ndimalizire pano.

Ndakhala ndikuseka ndekha mu basi pokumbukira mawu anu. Munati, "Chithunzi chako n'chokongola, koma ndege iyi sindikuidziwa." Ine ndinati, bambo, imeneyi ndi Dakota yeniyeni, nambala yake ilipo. Inu munati, "Kaya. Ine sindinaionepo itakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Ife tinkaiona kumimba. Inkabwera motsika pamwamba pa mitengo, mawilo itabisa, chitseko palibe, pakhomo pataima anthu okankha matumba. Ndipo inali yakuda ndi mafuta. Iwe waisambitsa ndi sopo wanji?"

Mwanena zoona. Ife ojambula timaphunzitsana kuti ndege umaima chakutsogolo kwake, cha pambali pang'ono, kuti mphuno ndi phiko zioneke zonse. Ndi mmene amaionera munthu amene akufuna kukwera. Inu simunakwerepo. Munali pansi, m'matope, khosi lili m'mwamba.

Nditawauza a Terence anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mphunzitsi, gona pansi ndiye!" Ndinagonadi chagada pa simenti yozizira, koma mimba ili pafupi kwambiri, mapiko sakwana mu kamera, ndipo mawilo ali pomwepo. Kenaka anandiuza nkhani yabwino. M'dziko muno ilipo Dakota ina imene imaulukabe. Nyengo yotentha ikafika, kuyambira Juni, imayendera zionetsero za ndege, ndipo nthawi zina imadutsa chitseko chili chotsegula. Imeneyo ndiyo ndidzakujambulireni. Ndagula kale lenzi yaitali, yogwiritsidwapo ntchito, imene imakoka chinthu chakutali kubwera pafupi.

Kujambula ndege ikuuluka kuli ndi msampha wake. Kamera ili ndi chikope, chimene chimaphethira ukadina. Chikaphethira mofulumira, mapulopela, zitsulo zozungulira zija, amaoneka ataima, ndipo ndege imakhala ngati yazima injini, ikugwa. Chikaphethira mochedwa, mapulopela amaoneka akuzungulira bwino, koma dzanja likangonjenjemera pang'ono chithunzi chonse chimachita mbuu. Ndiye ndikumaphunzira pa njiwa ndi mabasi.

Tsopano za maso. Esnath wandiwerengera zimene adokotala analemba. Si ng'ala, bambo, imene amatha kuichotsa. Ndi madzi a m'kati mwa diso amene akuchuluka n'kumapanikiza mtsempha woonera. Kuona kumayamba kutha m'mbali, ngati munda umene tchire likuudya kuchokera m'malire. Mankhwala odonthezera aja sabweza pamene patayika, koma amateteza pamene patsala. Chonde, m'mawa ndi madzulo, osadumphitsa, ngakhale akuyabwa. Akatha ku chipatala, Esnath agule ku famase, asadikire.

Juni sali kutali.

Ine wanu,
Dunstan


Rotherham,
15 Julaye 2007

Okondedwa bambo,

Muli bwanji? Ine ndili moyo, ndipo ndayamba ndi mawu amenewa dala, poti mwina mwamva pa wailesi za madzi osefukira kuno. Musade nkhawa. Keyala yanga ya makalata yasintha, gwiritsani ntchito imene ndalemba kuseri kwa envulopu. Ndi kunyumba kwa a Terence, andipatsa kachipinda ka mwana wawo amene anasamukira ku Liverpool.

Mvula inagwa mwezi watha sindinaionepo, ngakhale ku Phalombe. Mtsinje unadzaza n'kulowa m'nyumba za ku Catcliffe, dera la kuno ku Rotherham kumene ndimakhala. Ine ndinali ku ntchito, tikunyamula okalamba kukwera nawo m'chipinda cham'mwamba, mmodzimmodzi, ena akulira, ena akuimba. Pamene anatilola kubwerera kunyumba, madzi anali atafika pawindo n'kutsikanso, atasiya matope onunkha. Kenneth, Mulungu amudalitse, anakweza kompyuta ndi kamera pamwamba pa kabati asanathawe. Lenzi yaitali ija sanaidziwe. Inali m'chikwama, pansi pa bedi.

Ndinaiyanika, ndinaiika mu mpunga, a Terence anaimasula ndi tizitsulo tawo. M'kati mwa magalasi mwachita nkhungu, ndipo singakonzeke.

Ku chionetsero ndinapitabe, ndi lenzi yaing'ono ya maukwati. Tinaima pa mvula kuyambira m'mawa. Mitambo inali yotsika, ndege zambiri sizinabwere. Dakota inadutsa kamodzi, kutali, ndipo pachithunzi ikuoneka ngati udzudzu pa khoma. Sindikutumizirani. Zionetsero zotsala chaka chino zili kutali, ndipo masiku opuma ndilibe, poti anzathu ena anasiya ntchito madzi atawaonongera nyumba.

Mwezi uno sindinatumize kanthu. Esnath agulitse matumba awiri a nandolo, koma mankhwala a maso asathe. China chilichonse chithe, koma amenewo ayi.

Munandifunsa pafoni ngati ndikudya. Akazi awo a Terence, mayi Shirley, amandidyetsa mbatata ya kachewere katatu pa tsiku ngati akunenepetsa nkhumba ya Khrisimasi.

Pepani, bambo. Chaka chamawa.

Dunstan


Rotherham,
2 Disembala 2007

Okondedwa bambo,

Ndikupatsani moni, ndi iwenso Esnath amene ukuwerenga kalatayi mokweza. Uwerenge zonse, usadumphe pamene pakukukhudza. Ndamva kuti mwadzala ndi mvula yoyamba. Ine ndili bwino, ndabwerera ku Catcliffe, makoma auma ngakhale fungo silinathe.

Bambo, mwina simukudziwa kuti Esnath anandikalipira. Anati, "Achimwene, maso a bambo sakudikira chilimwe cha azungu. Inu si muja mumachotsa anthu pa zithunzi? Chotsani mawilo, muikepo mitambo, mutumize. Mukufuna adzaione ali kuti?" Sanalakwe. Ndinakhala pansi n'kuchita zomwezo.

Ndinabwerera ku bwalo kuja, ndinagona pansi pa ndege n'kuijambula zidutswazidutswa, phiko palokha, mimba payokha, mchira pawokha. Mu kompyuta ndinazilumikiza. Ndinafufuta mawilo, ndinatsegula chitseko, mapulopela ndinawazunguliritsa, kumbuyo ndinaikako mitambo imene ndinajambula tsiku lina ku Sheffield. Ntchito imeneyi inandidyera masabata ambiri, ndipo sindinakonzepo chithunzi china mwaluso chotere. Kenneth atachiona anati, "Ah, ba Dunstan, munaigwira liti?" A Terence okha ndi amene anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Injini yakufa ija waiukitsa, mphunzitsi. Uzipita kukalalikira."

N'chifukwa chake ndinakufunsani pafoni paja ngati ndingatumize. Ndinafotokoza zonse, poti sindikanatha kukupatsani osakuuzani. Inu munati, "Dunstan, anthu anditcha wabodza kuyambira usanabadwe. Lero ukufuna ndiwatengere bodza lenileni, lochita kusoka? Akadzafunsa kuti inauluka, ndidzati chiyani?" Ndinati maso anu, bambo. Munati, "Maso ndi anga. Ndidikira."

Ndiye chithunzicho chili mu kompyuta, sindinachitsukitse. Esnath, usandikwiyire, ndipo usawakwiyire.

Ukundiuza kuti tsopano amaona ngati munthu wosuzumira mu bango, pakati pokha. Pakatipo ndi pamene tikuteteza. Usasunthe mipando m'nyumba, ndipo mbaula isamakhale panjira ya kukhomo. Ndatumiza ya mankhwala a miyezi itatu ndi ya nsapato zawo za Khrisimasi.

Munafunsanso funso lija, bambo, kuti ndibwera liti. Yankho la mapepala silinabwere. Ndikatuluka muno lisanabwere, chitseko chidzatsekeka kumbuyo kwanga, ndipo mankhwala adzagula ndani? Ndimaganiza zimenezi kawirikawiri ndikamameta ndevu za madala a kuntchito kwathu. Pali mmodzi amene ali ndi chibwano ngati chanu. Ndimamumeta mosafulumira.

Khrisimasi yabwino kwa nonse.

Mwana wanu,
Dunstan


Rotherham,
13 Julaye 2008

Okondedwa bambo,

Muli bwanji? Kuzizira kwa Julaye kukukutani? Valani juzi ija. Ine ndili bwino kwambiri, ndipo lero ndilibe malangizo a munda kapena mbuzi. Bambo, ndaigwira.

Dzulo a Terence ananditenga pa galimoto yawo. Lenzi anandibwerekera kwa mayi wina wamasiye amene amuna awo ankajambula mbalame. Titayandikira bwalo la chionetsero ndinaona akupitirira geti. Ndinati, mwaphonya. Anati, "Khala chete, mphunzitsi. Olipira pa geti amaiona m'nthiti. Iwe ukufuna mimba." Anakhota kanjira ka fumbi mpaka pa munda wa mlimi wina amene amadziwana naye, kumapeto kwa msewu wa ndege. Pamenepo ndege zimadutsa pamutu penipeni.

Ndinagona chagada pakati pa ndowe za nkhosa. Zinadutsa ndege zazing'ono zaliwiro, zokongola, ine osazijambula n'komwe, kuopa kutopetsa manja. Dzuwa litapendeka a Terence, amene anali ndi kawailesi kukhutu, anati, "Ikubwera. Usanjenjemere, ukanjenjemera ukwera basi."

Ndinayamba kuimva ndisanaione. Simunatiuzepo za kulira kwake, bambo. Sikulira kwa ukali. Ndi kulira kolemera, kodekha, kumene kumalowa m'nthaka n'kukwera ndi msana. Kenaka inatulukira pamwamba pa mitengo, yotsika, mawilo itabisa, mapiko atatambasuka ngati akuphimba munda wonse. Inapendekeka pang'ono pokhota, ndipo ndinaona chitseko chili chotsegula, munthu ataima pakhomo. Ndinagwira mpweya, ndinaitsatira ndi kamera monga mlenje atsatira nkhwali, n'kumadina. Mthunzi wake unandidutsa pathupi. Itapita ndinagonabe pomwepo. A Terence anakhala pansi pambali panga n'kunditsirira tiyi wa mu fulasiki.

Zithunzi zambiri zinachita mbuu, monga ndinkaopera. Chimodzi chokha ndicho chinagwira. Mapulopela akuzungulira, misomali ya pamimba ikuwerengeka, ndipo mizere ya mafuta yayenderera kuchokera ku injini mpaka kumapeto kwa phiko. Sindinaipukute. Mu kompyuta ndachotsa kadontho kamodzi ka fumbi kumitambo, basi. Zina zonse ndi mmene zinalili. Aliyense akafunsa ngati inauluka, muziti mwana wanga anali pansi pake, ndipo malaya ake akununkhabe nkhosa.

Sindikudalira positi ulendo uno. Mayi Fanny, namwino wa ku Salford amene timapemphera limodzi, akubwera kumudzi sabata yamawa, ndipo kwawo ndi ku Jali. Alonjeza kudzakupatsani m'manja. Muwakonzere nkhuku.

Pafoni masiku ano mukumangoti maso ali bwino, Esnath naye akumangoti ali chimodzimodzi. Ndakondwa. Muchionere panja, m'mawa.

Ine mwana wanu wokondwa,
Dunstan


Rotherham,
24 Ogasiti 2008

Okondedwa bambo,

Ndikufunsa moyo wanu. Ine ndilipo.

Esnath musamukalipire. Anasunga mawu anu kuyambira pa Pasaka, ndipo akanasungabe ndikanapanda kumukakamiza. Mayi Fanny atabwerako anandipatsa moni wanu akuyang'ana pansi, ndiye ndinaimba foni.

Tsiku lija chithunzi chitakufikani munandiuza pafoni kuti, "Ndaiona, mwana wanga. Imeneyi ndiye yathu." Munatchula mafuta, munatchula chitseko, ine n'kumavina m'khitchini. Sindinaganize kuti zonsezo zinali m'kalata imene Esnath anakuwerengerani. Akuti munachigwira chithunzicho mitambo ili pansi, ndipo iye anachitembenuza mwakachetechete. Akutinso munamuletsa kundiuza kuti mdima watseka, poti munati, "Akadziwa asiya kuisaka, ndipo mwana uja kumene aliko alibe china chomudzutsa m'mawa." Bambo, ndinkayesa kuti ndine ndikukusungani.

Wandiuzanso za pa bawo. Akuti anakutsogolerani, munakhala pa benchi, chithunzi chinayenda dzanja ndi dzanja. Mwa amene ankakusekani atsala awiri okha. Mmodzi anafunsa kuti, "Ndiye mpungawo unkatulukira apa?" Inu munati, "Pomwepo," osadziwa pamene chala chake chaloza.

Ndipo wandiuza zimene munamuuza pobwerera, zimene simunatiuzepo. Ife tinkadziwa kuti akulu anu, a Sunday, anamwalira ku Burma ndi malungo. Akuti matumba a mpunga ena ankawaponya opanda parachuti, ndipo tsiku limenelo nonse awiri munathamangira pabwalo ndi njala, iwo patsogolo. Akuti thumba lina linawagunda, inu n'kuyang'ana pansi, pamene anagwera, ndipo pamene munkadzutsa mutu ndege inali itapita. Madzulo ake munadya mpunga womwewo, poti panalibe china. Zaka zonsezi mumafuna kuyang'ana khomo limenelo kamodzi, mosathamanga. Ine ndinkayesa kuti nkhani ndi ya amuna a pa bawo.

Ndiye ndachita chimene manja anga angathe.

Mu envulopu muno muli chithunzi chomwe chija, ndachitsukitsa pa pepala lolimba. Ndinachiika chafufumimba pa thaulo, pa tebulo lagalasi lowala pansi, n'kutenga singano ya mayi Shirley. Ndaboola kuchokera kuseri, bowo ndi bowo, kutsatira m'mphepete mwa ndege monse. Singano ikatulukira kutsogolo imasiya kachotupa, ndipo tizotupa timeneti tikandandalikana timapanga mzere woti chala chingautsate. Kupatula mfundo imodzi ya ulusi, sindinaonjezere kanthu, sindinachotse kanthu. Ndinayesa pa mdala uja wa chibwano ngati chanu, nditamutsinzinitsa. Anati ndi nsomba, kenako atafika pa mapiko anati, "Ayi, dikira," n'kuyambiranso.

Esnath, ika chithunzichi pa tebulo, osati pamiyendo. Ngodya imene ndadula ikhale kumanja kwawo, m'mwamba. Uwasambitse m'manja ndi madzi ofunda kuti zala zifewe. Ugwire chala chawo cha mkombaphala, uchiike pamene ndaboola mabowo atatu pamodzi, kenaka uchisiye. Usawatsogolere. Uziwerenga pang'onopang'ono, ndipo akaima nawenso uime.

Bambo, pamene mwagwirapo ndi mphuno. Ndege ikubwera kuchokera kumanzere kwanu. Tsikani ndi mzerewo. Mukumana ndi timabowo tomwazikana mozungulira. Amenewo ndi mapulopela, sindinawapange mzere chifukwa akuzungulira. Pitirirani. Mzere wautali umene ukuthawira kunja ndi phiko. Ndi lalitali, musatope nalo, pitani mpaka kunsonga mubwerere. Tinjira tiwiri timene mukumva m'kati mwake ndi mafuta aja. Mukabwerera pathupi, muli pamimba. Yendani cha kumchira, mosafulumira.

Chala chanu chigunda mfundo ya ulusi. Imani pamenepo. Khomo ndi limenelo, ndipo ndi lotsegula. Ndege iyi sikupita kulikonse, bambo. Khalanipo mmene mungafunire.

Ndine mwana wanu,
Dunstan